Malamba Onolera Mipeni a Fredson Kalekeni

Ukachoka pa Mtunthama n'kutsata kamsewu ka ngolo kolowera kudambo, umadutsa zigafa za fodya zingapo, kenako umafika pa nyumba ya njerwa zootcha yomwe kuseri kwake kuli njinga yosapita kulikonse. Njingayo ilibe gudumu lakutsogolo, ndipo inakhomeredwa pa chigogo cha muwanga. Koma m'zaka zija za makuponi a feteleza, m'dera lonselo munalibe njinga imene inkapalasidwa kuposa imeneyi. Eni ake ndi a Fredson Kalekeni, osula mipeni.

A Kalekeni anali munthu wamfupi, wamapewa otambalala, wa mawu aakulu moti kwaya ya kutchalitchi inkawaika kumbuyo kwenikweni kuti asamize anzawo. Mkono wawo wamanzere unalibiretu cheya, chifukwa mpeni uliwonse ukatha ankauyesera pamenepo. Sukulu analekezera Sitandade 5. Ali mnyamata analowa ntchito pa esiteti ina ya fodya cha ku Kaluluma, poyamba kusoka fodya, kenako ku garaja, kumene ankakonza ngolo ndi kuwongola makasu a mathirakitala. Esitetiyo itatsekedwa, bwana analola antchito kutenga zotsalira. Ena anazula zitseko, ena malata. A Kalekeni anapempha mulu wa masipuling'i akale a malole, n'kuukweza pa ngolo mpaka kumudzi.

Akazi awo, a Dailes, atauona muluwo anagwira pakamwa.

"Anzanu abwera ndi zitseko, inu mwabwera ndi dzimbiri?"

"Amake Beauty, m'dzimbiri mmenemo muli mipeni mazana awiri. Kungoti sinatuluke."

Kusula sikunkawavuta. Ndi makala, mvukuto ndi nyundo, pofika masana chitsulo chinkakhala chitaoneka kale ngati mpeni. Chowawa chinali kuupala ndi tupa kuti uchepe thupi kuchokera kumsana mpaka kukamwa kwake. Mpeni umodzi unkawadyera masiku atatu, kwecha kwecha kwecha, mpaka manja kutuluka matuza. Anthu ankaikonda mipeniyo, koma ambiri ankatopa n'kudikira, n'kukagula ya m'sitolo yomwe imapindika ikakumana ndi dzungu.

Chaka cha 2006 banjali linalandira makuponi awiri, ndipo a Kalekeni ndi akazi awo anapita ku boma kukatenga feteleza. Mzere wa ku depoti unali utazungulira mpanda n'kukafika kumsewu. A Kalekeni sanali munthu woima malo amodzi. Dzuwa litakwera anauza akazi awo kuti awasungire malo, akukawongola miyendo. Akuyendayenda kuseri kwa msika anamva kulira kwachilendo m'shedi ya kalipentala wina. Atasuzumira anaona makina amagetsi okhala ndi lamba wa sandipepa, wotambalala ngati chikhatho, akuzungulira pa timagudumu tiwiri. Kalipentalayo akangoika thabwa, thabwalo linkasalala nthawi yomweyo.

"Achimwene, kodi chimenechi chingadye chitsulo?" anafunsa motero.

"Sindinayesepo."

A Kalekeni anasolola mpeni wosatha kupala womwe unali m'thumba mwawo, n'kuukhudzitsa pa lambayo. Mbaliwali za moto zinangoti waa! kulowera pa mulu wa utuchi.

"Aaa! Bambo, munditenthera shedi!"

A Kalekeni anapepesa, anathandiza kupondaponda utuchiwo, koma maso awo anali pa mpeni. Pamene lamba anadutsa, ntchito ya theka la tsiku inali itatha m'kuphethira kwa diso. Anatuluka, n'kukhala pansi pa mtengo, n'kuyamba kujambula timagudumu pa dothi ndi kamtengo. Pomakumbukira za mzere, anapeza a Dailes atakhalira matumba awiri a feteleza, nkhope ili gwa.

"Miyendo yawongoka?"

"Yawongoka, amake Beauty. Ndipo njinga yakale ija ndaipezera ntchito."

Kumudziko kunalibe magetsi, ndiye mphamvu inayenera kuchokera m'miyendo. Dzinja lonse, akaweruka kopalira ndi kobandira, a Kalekeni ankakhala kuseri kwa nyumba. Anachotsa tayala pa gudumu lakumbuyo n'kukoleka chingwe cha chubu pa mkombero. Anasema timigolo tiwiri ta mlombwa toti lamba azizungulirapo. Sipuling'i yokokera lamba kuti asakhwepe anaichotsa ku bedi, ndipo a Dailes anazindikira zimenezi atagwera m'dzenje la matiresi. Anthu opita kudimba akawaona akuyesa kupalasa, ankaima n'kufuula:

"A Kalekeni, mwafika pati lero?"

"Ndadutsa kale pa Mponela! Mukufuna ndikugulireni chiyani ku Lilongwe?"

Vuto linaoneka msanga. Munthu mmodzi sangapalase n'kumagwiranso mpeni mosagwedera. A Dailes anali asanakwerepo njinga okha chibadwire, chifukwa kwawo atsikana sankaphunzitsidwa. Tsiku lina anamanga chitenje bwinobwino, anakwera pa chishalo mwamantha, n'kuyamba kupalasa. Atazindikira kuti njinga imeneyi singawagwetse, anaseka mpaka misozi. Kuyambira pamenepo chishalocho chinakhala chawo. Ankapalasa akuimba nyimbo za kwa amayi a Chigwirizano, ndipo amuna awo anaphunzira kupempha liwiro potchula mtundu wa nyimbo. Akafuna pang'onopang'ono ankati, "Ya pamaliro." Akafuna kuti ziyake moto ankati, "Ya paukwati!"

Chimanga chinachita bwino chaka chimenecho. Nkhokwe itadzaza, a Kalekeni anapalasa njinga yawo inayo, yoyenda, kupita ku boma kukagula lamba. M'sitolo ya zitsulo anapeza mtsikana wogulitsa, dzina lake Feggie, wazaka ngati za mwana wawo Beauty. Malamba anali lendelende pa misomali, ndipo kuseri kwa lamba aliyense kunali nambala: 36, 60, 120, 400.

Apa a Kalekeni sanaone chofunsa. Nambala ankazidziwa kuchokera pa matumba a feteleza. Yureya amalembedwa 46 ndipo ndi waukali kuposa uja wa 23. Nambala ikakula, mphamvunso yakula. Kodi pamenepa pofunsa ndi pati?

"Mwanawe, unditsitsire wa 400 uyo."

"Chabwino, bambo. Kodi mukukagwiritsa ntchito yanji?"

"Ya chitsulo. Chitsulo chenicheni, cha lole."

"Ndiye mwina mukanayamba ndi..."

"Mwanawe, ine ndinayamba kugwira chitsulo iwe usanabadwe. Ndikufuna wamphamvu kuposa onse."

Feggie anawayang'ana, anayang'ana lambayo, n'kungomukulunga m'nyuzipepala.

Mawa lake m'mawa anansi anasonkhana kudzaona zodabwitsa. A Kalekeni anakoleka lamba, anasankha mpeni waukulu wosula kale, n'kulamula kuti, "Ya paukwati!" A Dailes anaiyamba. Inatha, n'kuyamba ina. Inathanso. Mbaliwali zinkangotuluka ziwiriziwiri ngati ziphaniphani. Pofika nyimbo yachisanu ndi chiwiri thukuta linali kamukamu, mawu atasasa. Anatsika pa njinga, n'kulanda mpeniwo kuti auone. Unali kunyezimira ngati kalilole, koma kunenepa kwake kunali konkuja. Anadziyang'anirapo, n'kukonza duku.

"Bambo a Beauty, pometera ndevu mwapeza. Koma chodulira nyama mulibe."

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. A Kalekeni anasekanso nawo, koma kuseka kwa m'mano. Masana onse anakhala akuutembenuza lamba uja, kumusisita ndi chala, kudabwa kuti chinthu cha nambala yaikulu chotere chingakhale chofewa ngati tsaya la khanda. Kenako anakumbukira kuti mtsikana uja anali atayamba kunena kanthu iwo n'kumudula. Safunsa anadya phula, ndipo phula lake anadyera pamaso pa mudzi wonse.

Loweruka anabwerera ku boma atanyamula kathumba ka mtedza wokazinga. Anakaika pa kauntala, n'kuvula chipewa.

"Mwanawe, tsiku lija ndinalankhula ndekha. Lero ndabwera ndi makutu."

Feggie anaseka, osati mowanyoza. Anatsitsa malamba atatu n'kuwayala pa kauntala.

"Tagwirani uyu, bambo. Akumveka bwanji?"

"Ngati msewu wa miyala."

"Ameneyo ndi 36. Nanga uyu?"

"Mchenga wa kumtsinje."

"Ndi 120. Uja munatenga ndi ufa wosefa. Nambala imeneyi siwerenga mphamvu ayi, imawerenga timiyala. Tikakhala tikulutikulu timakwana tochepa, nambala n'kuchepa. Tikakhala ting'onoting'ono timachuluka. Mumayamba ndi waukaliyu kuti adye chitsulo, wachiwiriyu afufute mikwingwirima ya woyambayo, kenako uja wanu amalizitse. Mukadumpha mmodzi, mikwingwirima idzatsala, ndipo wopalasa wanu adzakuthawani."

"Watsala pang'ono kale," anatero a Kalekeni.

Feggie anawatembenuzira malambawo kuti aone kuseri. Ena anali a pepala, ndipo anati amenewo ndi a matabwa, pa chitsulo amang'ambika msanga. A chitsulo ndi okhala ndi nsalu kuseri. Anawaonetsanso kamuvi kojambulidwa mkati, kosonyeza kumene lamba ayenera kulowera pozungulira, kuti polumikizira pasamatuke.

"Koma iwe zonsezi unaziphunzira kuti?"

"Kwa anthu obwera kudzakalipa, bambo. Kalipentala akabwera ndi lamba woduka, wowotcherera akabwera ndi wake wotha msanga, ndimawafunsa kuti anatani. Zaka zitatu tsopano ndikumva madandaulo."

Ulendo uno zinayenda. Lamba wa 36 atangokhudza chitsulo, mbaliwali zinati waa! mpaka nkhuku kubalalika. Nyimbo imodzi isanathe, mbali imodzi ya mpeni inali itapalika. A Dailes ndi amene anapatsa malambawo maina, poti nambala zinkawasokoneza. Waukali uja anamutcha Chimkhasu, wapakati Kambwiri, wofewa uja Sopo. Mipeni imene inkatha umodzi pa masiku atatu inayamba kutha inayi pa tsiku, ndipo nyengo yake inali yabwino. Anthu anali ndi chimanga, ndiye analinso ndi nkhumba ndi mbuzi. Ootcha kanyenya pa Mtunthama, okazinga tchipisi, amayi ogulitsa masamba, ngakhale ophika a pa sukulu yaikulu yogonera konko ya m'deralo, onse ankafuna mpeni wodindidwa FK pafupi ndi chigumbu, pogwirira paja.

Phunziro lachiwiri linabwera ndi a Vincent, opha mbuzi pamsika. Tsiku lina anatulukira atanyamula mpeni wogula sabata yomweyo, kukamwa kwake kutapindika ngati tsamba lofota.

"A Kalekeni, ndimati ndagula mpeni, koma mwandigulitsa chikwatu cha fodya."

A Kalekeni anaupenda, n'kuona kadontho kabuluu kunsonga. Anadziwa pomwepo. Chimkhasu wawo anali atakalamba, timiyala tatha, koma iwo ankamuumirira pomumvera chisoni kumutaya. Lamba wotha sadya chitsulo, amangochipukuta n'kuchitenthetsa, ndipo chitsulo chikapsa mpaka kubiriwira chimataya kulimba konse kumene chinapeza pa moto. A Vincent anapatsidwa mpeni wina. Kuyambira tsiku limenelo pambali pa njinga pankakhala ndowa ya madzi, ndipo a Kalekeni ankagwira mpeni ndi zala zosavala kanthu, kuti zala zikamva kutentha auviike msanga. Lamba akayamba kutopa ankamupumitsa pa chitsulo n'kumupatsa ntchito yopala zigumbu za mlombwa. Akatsekeka ndi utuchi ankamutsuka pomukhudzitsa silipasi yakale uku akuzungulira. Kwa miyezi ingapo aliyense pakhomopo ankabisa masilipasi ake.

Feggie ndi a Kalekeni anakhala ngati munthu ndi mwana wake. Akaitanitsa katundu ku Lilongwe, ankawasungira zatsopano kuti akaziyese. Ndi iye anawapezera malamba abuluu, omwe ankapirira chitsulo cha lole nthawi yaitali kuposa ofiirira amene ankagula poyamba. A Kalekeni akayesa, ankabwera kudzamufotokozera zonse, ndipo iye ankauza amisiri ena. Nthawi zina ankakangana. Feggie ankati 60 ndi wofunika pakati pa Chimkhasu ndi Kambwiri, iwo ankati kumeneko n'kuwononga miyendo ya akazi awo. Nkhani imeneyo sanagwirizanepo mpaka lero.

Chaka cha 2010 mwana wawo Beauty, amene tsopano anali mphunzitsi ku Kaluluma, anapeza banja. Mkamwiniyo anali Chiyamiko, wogwira ntchito ya zaumoyo, mnyamata wamtali, waulemu, wamanyazi moti akamalankhula ndi apongozi ake ankayang'ana nsapato zake. A Kalekeni analengeza kuti mpeni wodulira keke apanga okha. Anasankha chitsulo cha sowo yakale yochekera matabwa, chigumbu cha phingo, ndi misomali ya mkuwa. Feggie anawaitanitsira lamba wa 800, wofewa kuposa Sopo, amene a Dailes anamutcha Mafuta. Mpeniwo unadutsa pa malamba onse anayi, kenako pa chikopa. Utatha, a Kalekeni anapinda malaya, ndipo posowa cheya kumanzere, anauyesera kumanja.

"Bambo a Beauty, keke si ng'ombe," anatero a Dailes. "Mpeni wa keke sufuna kuthwa chotero."

"Mpeni wobuntha wokhala ndi dzina langa sutuluka pakhomo pano."

Ukwati unachitikira mu holo ya tchalitchi, masana a Loweruka, anthu atadzaza mpaka m'mawindo. Keke inapangidwa ndi a Fainala, mayi wotchuka pa ntchito imeneyi kuyambira ku boma mpaka ku Mtunthama. Inali yosanjikiza katatu, yoyera mbee, yamaluwa apinki, yaitali kufika m'chifuwa mwa mkwati. Anthu ankangoti, koma ufa wake ndi mazira ake! Chimene sankadziwa n'chakuti keke yeniyeni inali magawo awiri apamwamba okha. Gawo lapansi, lalikulu lija, linali katoni yokutidwa ndi shuga woyera. A Fainala anali atanong'oneza akwatiwo m'mawa kuti adule pamwamba.

Nthawi itakwana, woyendetsa mwambo anaitana akwati. Beauty anaika dzanja lake pa la mwamuna wake, oimba anakweza ng'oma, ojambula zithunzi anaunjikana kutsogolo. Chiyamiko anakweza maso, n'kuona anthu mazana onse akumuyang'ana, apongozi ake ali pa mzere woyamba. Malangizo a m'mawa aja anauluka. Dzanja linangotsikira pa gawo lomwe linali pafupi, lapansi lija.

Mpeni wina ukanangogunda n'kuima, mkwati n'kuzindikira, n'kukwera pamwamba popanda wodziwa. Wa a Kalekeni unangoti tsee, mpaka pa tebulo. Chiyamiko, poona kuti zikuyenda, anadulanso kachiwiri, n'kusolola chidutswa chokongola cha makona atatu, n'kuchikweza m'mwamba kuti anthu aone. Kuseri kwa chidutswacho kunali zilembo zofiira za dzina la sopo wochapira.

Ng'oma inaima. A Kalekeni anaganiza kuti achititsa manyazi mwana wawo pa tsiku lake. Anayang'ana Beauty. Beauty anayang'ana chidutswacho, anayang'ana mwamuna wake amene anali akadachikwezabe m'mwamba, kenako anaphulika n'kuseka mpaka kugwira tebulo. A Dailes anaimirira n'kuimba nthungululu. Holo yonse inagwa nacho chiseko, abusa omwe akupukuta misozi ndi mpango.

A Fainala anatuluka kumene anakhala, manja ali m'chiuno, n'kulanda chimkuzamawu.

"Anthu inu, zaka khumi ndi ziwiri ndikupanga makeke a maukwati anu. Katoni imeneyi yakhala pa maukwati asanu ndi anayi, ena mwa eni ake muli momwemuno, ndipo palibe mpeni unailowapo. Wasula mpeni umenewu ndani? Aimirire ndimuone!"

A Kalekeni anaimirira pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja. Anthu anawomba m'manja ngati ndi iwo akukwatira. A Vincent anafuula kuchokera kumbuyo kuti nawonso mpeni wawo ndi wa FK, ndipo Feggie, amene anaitanidwa ngati wachibale, anangophimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Keke yeniyeni inadulidwa pambuyo pake, ndipo inakwanira aliyense kachidutswa kopyapyala, poti mpeniwo unkatha kudula mopyapyala kwambiri.

Lolemba m'mawa, a Kalekeni akukoleza makala, a Fainala anatulukira pa kabaza. Analonjerana, a Dailes anawayalira mphasa. A Kalekeni anayamba kupepesa, koma mayiwo anawadula.

"Zapita zimenezo. Kuyambira Loweruka anthu atatu abwera kale kudzafuna keke, akuti akufuna ya mayi wa katoni uja. Ine ndabwera kudzafuna mipeni iwiri. Woyamba wakuthwa ngati uja, wa kukhitchini kwanga."

"Umenewo mutenga Lachinayi. Wachiwiri?"

"Wachiwiri wonyezimira chimodzimodzi, chigumbu chokongola chimodzimodzi, koma woti sungadule ngakhale nthochi. Wa pamaukwati."

A Kalekeni anakanda m'mutu. Anati zimenezo sanachitepo dala chiyambire kusula. A Fainala anati ndiye ayambe. Anakambirana mpaka makala anatsala pang'ono kuzima, ndipo pomaliza anagwirizana kuti mpeniwo upangidwa, koma zilembo za FK sizidindidwapo, ndipo wina akafunsa, a Fainala azinena kuti anaugula ku Lilongwe.

"Ku Lilongwe sakhulupirira," anatero a Fainala akukwera kabaza. "Ndizinena kuti ndi wa ku Joni."